Madzi a M'bondo la Elifala

Chaka chimene anthu a ku Msakambewa anayamba kulima fodya wa bale m'minda yawoyawo, osati kwa eni maesiteti okha, Elifala anamanga chigafa chachitali kuposa nyumba yake. Mavoti a matipate, aja obweretsa zipani zambiri, anali atangodutsa kumene, ndipo aliyense ankayenda modzimva, ukamufunsa za mawa n'kumakuyankha za njinga yatsopano ndi malata. Koma fodya asanaume m'chigafamo, mawondo a Elifala anatupa. Linayamba ndi lakumanja, kenako lakumanzere, kenako mfundo za m'manja. M'mawa ankadzuka ali gwaa, osatha ngakhale kumanga batani la malaya mpaka dzuwa litakwera.

Ntchito yonse inagwera mkazi wake, Lenia. Kusoka fodya, kupachika, kusankha, zonse iyeyo. Zikafunika ziguduli ndi zingwe, ankakwera matola kupita pa Mponela, ndipo kumeneko ankakangana ndi amuna a pasikelo mpaka iwo kugwira pakamwa. Ankabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu m'miyendo. Munthu wanzeru akanamuyamika. Koma pamudzi sipasowa maso ongowerenga nthawi imene mkazi wa mwini watulukira ndi imene wabwerera.

Maso akuthwa kuposa onse anali a Faines, mchemwali wake wamkulu wa Elifala, mayi wamasiye amene nyumba yake inayang'anizana ndi yawo. Mudziwo unali wa kuchikazi kwa Elifala. Lenia anachita kubwera mwa chitengwa kuchokera ku Malomo, ndipo mkazi wa chitengwa amakhala mlendo mpaka imvi, ngakhale atabereka ana odzaza bwalo.

Kwathu kuno palibe amene sadziwa za mdulo. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake akadya amatupa. Mankhwala ake alipo, koma amati sagwira ntchito mkaziyo asanaulule dzina la chibwenzi chakecho. Ndiye Faines ataona mawondo aja, sanafunenso kufunsa zambiri.

"Alamu, tchulani dzina," anatero tsiku lina atamupeza Lenia m'chigafa. "Mlongo wanga akutha tikuona. Ndi uja wa lole, kapena wa pasikelo?"

"Ndilibe dzina loti nditchule, alamu."

"Akazi a matipate inu! Ufuluwu mwaumva molakwika."

Kuyambira tsiku limenelo anamulanda mchere. Ndiwo za Elifala zinayamba kuchokera kunyumba kwa Faines, zitavundikiridwa, ngati kuti Lenia angazilodze ndi maso. Faines anaitana wotema mphini, amene anacheka mawondo onse awiri a Elifala mpaka kuoneka ngati chikwa cha nkhuku. Kutupa osaphwa. Faines anati n'chifukwa choti dzina silinatchulidwe.

Zonsezi Lenia akanapirira. Chimene chinamulasa mtima ndi mawu a mwamuna wake. Elifala sanali munthu waukali, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. M'malo mwake anamuitana mofatsa, ali chigonere pamphasa.

"Nabanda, ngati chilipo ingonenani kuti ndichire. Sindikumenyani, sindikuthamangitsani. Ingonenani."

Zaka zonse zija, ana onse aja, munthu n'kumakupempha mwaulemu kuti uvomere uhule! Lenia anatuluka, n'kukalira kuseri kwa nkhokwe komwe ana sakanamuona. Atatha kulira anapsa mtima, ndipo kupsa mtimako ndi kumene kunamuthandiza.

Uthenga unali utapita kale kwa ankhoswe. Nkhani yake inali yachidule: Lenia atchule dzina pamaso pawo, apo ayi asudzulidwe, abwerere ku Malomo. Ndipo akanabwerera ndi mbiri yoti anadula mwamuna wake, mbiri imene ikanatsata ana ake aakazi mpaka tsiku la chinkhoswe chawo.

Tsono chaka cham'mbuyo Lenia anaperekezapo mng'ono wake woyembekezera ku chipatala china cha mishoni, kumapiri cha ku Ntchisi. Kumeneko anaona makina a sikani. Adokotala anapaka mafuta pamimba, n'kuyendetsapo kachitsulo, ndipo pagalasi longa la vidiyo za pa Mponela panaoneka mwana, mutu ndi msana, kamtima kakugunda. Chithunzi chimenecho sichinachoke m'mutu mwake. Ngati makina angaone munthu amene sanabadwe, angalephere bwanji kuona chimene chili m'bondo la munthu wamkulu?

Analawira wapansi osatsanzika, ulendo wa kuchipatala kuja. Atafika anakhala pabenchi pakati pa amayi apakati, ndipo namwino atamuyang'ana pamimba anakwinya nkhope.

"Mayi, inu miyezi ingati?"

"Si ine. Ndi bondo la amuna anga."

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Wina anafunsa ngati bondolo layamba kale kugunda. Namwino anamuuza kuti za mawondo ndi mbali ina, akalandire mapiritsi kumeneko. Lenia anathokoza, koma sanasunthe. Mzere unatha, ena anabwera, nawonso anatha, iye ali pompo. Dzuwa litapendeka anatuluka dokotala wake, bambo wochepa thupi dzina lake a Vinsenti, akupukuta m'manja.

"Mayi, akuti mwakhala pano kuyambira m'mawa. Vuto n'chiyani?"

Lenia anagwada n'kufotokoza zonse, za mawondo, za mchere, za ankhoswe. Sanabise kanthu, poti manyazi anali atamuthera kale.

A Vinsenti anakanda m'mutu. "Zimatheka. Kusukulu anatiuzapo kuti mfundo zotupa amaziunika ndi makina ngati amenewa. Koma athuwa anabwera chifukwa cha amayi apakati, ndipo pabondo sindinayesepo."

"Ndiye muyambire pa amuna anga."

Adokotala anaseka pang'ono. "Chabwino. Abweretseni masana, mzere ukatha. Koma mayi, ndikuuzirenitu. Makina amaonetsa zimene zilimo, osati zimene munthu akufuna kumva."

Kunyumba kunali nkhondo ina. Elifala atamva kumene makinawo amakhala, anadzuka ndi chigongono, ululu wonse kuiwala.

"Ine ndikagone pabedi la amayi apakati? Anzanga akamva adzati Elifala akuyembekezera! Ndidzayenda bwanji pamsika?"

"Panopa mukuyendapo pamsikapo?" anafunsa Lenia.

Faines analowerera. "Mdulo sapita nawo kuchipatala. Akakamubaya jakisoni ndiye mwamutsiriza. Kapena n'zimene mukufunazo?"

Lenia anaimirira pakati pa nyumba, manja m'chiuno, zimene sanachitepo pamaso pa mlamu wake. "Tamverani, alamu. Tipite tonse, inu mukhale mboni. Makinawo akakapanda kupeza kanthu m'bondomo, ine ndidzamanga katundu ndekha. Ankhoswe musadzawavutitse n'komwe."

Faines anaona kuti apa ndiye wapeza njira yachidule, ndipo anavomera. Elifala anang'ung'udza, koma pakati pa akazi awiri amenewa mawu ake analibe polowera.

Anabwereka ngolo ya ng'ombe, n'kuyalamo mphasa ndi bulangete. Msewu wa kumapiri uja ndi wa miyala, ndipo ngolo ikagunda mwala Elifala ankabuula n'kutchula mayi ake. Lenia ankayenda pambali, akuthandiza kukankha pachitunda. Faines anakhala kumbuyo, ndipo pogwirira ngolo sankagwira ndi zala, ankakoleka mkono wonse pathabwa. Lenia anaziona. Anali ataziona kalekale kuti mlamu wakeyo salowa m'chigafa m'mawa, ndiponso kuti zovala amayanika osafinya, madzi ali chuchuchu. Koma za manja a eni mudzi mlendo sayankhulapo.

Atafika, amayi apakati amene anali asanapite anatsegula njira, akugwirana pamapewa. Elifala anadziphimba chipewa kumaso. Anamunyamula n'kumugoneka pabedi lija, pansi pa chithunzi cha mayi woyamwitsa.

A Vinsenti anatseka makatani kuti galasi lioneke bwino. "Tiyambe ndi bondo labwino, kuti tikhale ndi poyerekezera. Mayi, bweretsani lanu."

Lenia anakweza chitenje pang'ono. Mafuta ake anali ozizira, oterera ngati therere. Pagalasi panaoneka zotuwatuwa ngati phulusa, ndipo adokotala analoza mzere woyera wowala.

"Ili ndi fupa. Pamwamba pakepa mukuona kuti palibe mpata, nyama yagona pafupa. Bondo la bwino limaoneka chonchi."

Kenako anapaka bondo la Elifala, akuzemba mabala a mphini, n'kuika kachitsulo kaja pamwamba pa chivundikiro cha bondo. Anasuntha uku ndi uku, n'kutembenuza kabatani, ndipo anapuma mokweza ngati munthu amene nayenso sanali wotsimikiza kuti ziyenda. Mzere woyera unaonekanso. Koma pamwamba pake panali chinthu chakuda bii, chachikulu, ngati chithaphwi.

"Chakudachi ndi madzi," anatero. Anadinikiza m'mbali mwa bondo ndi dzanja, ndipo chithaphwicho chinasuntha onse akuona. Elifala anachotsa chipewa kumaso. "Tsono onani m'mphepete mwakemu, zotuwa zokhuthalazi. M'kati mwa mfundo iliyonse muli kachikopa kopyapyala ngati khungu la anyezi. Kanu katupa, kakhuthala, ndipo ndi kamene kakutulutsa madziwa. Imeneyi ndi nyamakazi, mtundu wake uja wogwira mfundo zambiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere komwe."

Anaunikanso bondo linalo, n'kupeza zomwezo. Atatero anatenga jakisoni wopanda mankhwala, n'kufotokoza kuti sakuthira kanthu m'thupi, akungochotsa. Faines anatseka maso. Jakisoniyo anadzaza madzi achikasu onga mafuta ophikira, ndipo pagalasi chithaphwi chija chinaphwa. Adokotala anati madziwo akawayeza kuti aone ngati mulibe mafinya kapena TB. Elifala anapinda bondo pang'onopang'ono, n'kulitambasula, n'kulipindanso, kukamwa kuli yasa.

Mtima wa Lenia unadumpha ndi chimwemwe. "Mwaona, alamu? Mwaona ndi maso anu?"

"Ndaona madzi," anayankha Faines, osagwedezeka. "Nanga mdulo umatupitsa ndi chiyani ngati si madzi? Adokotala, tiuzeni zoona. Makina anuwa akuonetsa amene anathira mchere?"

A Vinsenti anayang'ana Lenia, kenako pansi. "Ayi, mayi. Amaonetsa kutupa, malo ake ndi kukula kwake. Ine ndinganene kuti matendawa sabwera ndi mchere, koma zimenezo pagalasipa sizilembedwa."

"Basitu," anatero Faines.

Lenia anayang'ana mwamuna wake. Apa ndi pamene Elifala akanayankhula, bondo lake lomwe likupindika. Koma anangoyang'ana kudenga. Ulendo wonse uja, kusekedwa konse kuja, ndipo dzina la Lenia linali lakudabe monga linalili m'mawa. Lenia anamva mkwiyo ukukwera, ndipo ulemu wa chitengwa unathera pomwepo.

Anatambasula mkono n'kugwira dzanja la Faines pamfundo. Sanafinye kwambiri, koma Faines anakuwa mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

"Adokotala, awunikeninso awa."

"Ndisiyeni! Mwapenga kodi?"

"Alamu, mwabisa mokwanira. Onetsani manjawo."

A Vinsenti anati iwo saunika munthu amene sakufuna. Ndiye Elifala anatembenuka pabedi paja, n'kuyang'ana manja a mchemwali wake ngati akuwaona koyamba.

"Achemwali, ikanipo dzanja."

"Ndi kuzizira chabe kumeneku," anatero Faines. "Yezani ngati mukufuna. Simupezamo kanthu."

Poti dzanja ndi laling'ono ndipo kachitsulo kaja anakapangira mimba, adokotala anatenga thumba la madzi a diripi n'kuliika pamfundo, kenako n'kuunika kudzera m'thumbamo. Chithunzi chinavuta kubwera. Chitabwera, panalibe wofunika kumuuza. Mzere woyera, kachithaphwi kakuda pamwamba pake, zotuwa zokhuthala m'mphepete. Zinali zomwe zija za m'bondo, kungochepa. Dzanja linalo chimodzimodzi.

"Mwakhala nazo nthawi yaitali kuposa achimwene anuwa," anatero a Vinsenti mofatsa. "M'mawa zala zimauma?"

Faines anagwedeza mutu kuvomera.

Lenia sanakuwe. Anayankhula motsitsa, koma liwu lililonse linamveka. "Alamu, amuna anu anatisiya kalekale. Ndiwo mumaphika nokha, mchere mumathira nokha. Inuyo wakudulani ndani?"

Faines anayang'ananso pagalasi paja.

Adokotala anapukuta mafuta padzanja lake. "Matendawa nthawi zina amayenda m'banja. Sikuti aliyense amawatenga, koma zimachitika. Kwanu kunaliko wina amene mfundo zinkamuvuta chonchi?"

"Amayi," anayankha Elifala asanaganize. "Amayi athu zala zinachita kupindikira kumbali. Pomwalira sankatha kugwira ngakhale chikho."

Atangotero nkhope yake inasintha. Anadzuka n'kukhala tsonga pabedi.

"Achemwali," anatero. "Nanga abambo aja?"

Lenia nkhani imeneyi ankaidziwa mwapatalipatali, poti pabanjapo sinkakambidwa. Bambo awo a Elifala, a Petulo, anali mkamwini pamudzi paja. Mkazi wawo atayamba kutupa manja, abale anati a Petulo amudula, ayenera kuti ali ndi mkazi wina kumene amapita kukagulitsa mphasa. Anawauza kuti atchule dzina. Iwo anakana mpaka mapeto, ndipo anawathamangitsa ndi kabulangete kamodzi. Anakathera pa esiteti ina ya fodya, n'kuikidwa m'manda ndi anthu osawadziwa. Elifala anali wamng'ono. Faines anali mtsikana wamkulu ndithu, ndipo ndi amene anawaponyera bulangetelo panja.

Faines anakhala pansi, pasimenti penipeni, manja ake otupa ali pamiyendo. Analira mosabisa, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumachititsa mantha. Lenia anali atakonzeka kukondwa pa nthawi ngati imeneyi, koma chimwemwe sichinabwere. Anamumvera chisoni, ngakhale mkwiyo unali usanathe.

A Vinsenti anadikira kuti kulira kuchepe, kenako anafotokoza za mankhwala. Anati nyamakazi yotereyi sitheratu, koma kutupa kumagonja munthu akamamwa mankhwala mosadumphitsa, ndipo mfundo zimachedwa kuwonongeka. Anawalembera onse awiri, n'kuwauza kuti azibwera kudzaunikidwa kuti aone ngati madzi akubwerera. Anawonjeza kuti za mphini zileke.

Panja dzuwa linali litafiira. Elifala anayenda ndi miyendo yake kuchoka pakhomo mpaka pangolo, akutsimphina, atatsamira phewa la mkazi wake. Amayi apakati amene anatsala pakhonde sanasekenso. Atakhala pamphasa paja, anatembenukira kwa Lenia.

"Nabanda, ndinalakwa. Ndinakufunsani funso loti sindikanayenera kukufunsani. Mawa nditumiza mwana akauze ankhoswe kuti asabwere. Nkhaniyi yathera pompano."

"Ayi," anatero Lenia. "Abwere."

Elifala anadzidzimuka. "Mukufuna kupitabe ku Malomo?"

"Sindikupita kulikonse. Fodya uja ndasoka ndine, ana aja ndabereka ndine. Koma uhule wanga unalengezedwa pachitsime, kutchalitchi, mpaka pasikelo pa Mponela. Ndiye kuyera kwanga kuthere m'ngolo muno, ng'ombe ziwiri zokha n'kukhala mboni? Ankhoswe abwere, mudzi wonse ukhale pansi, ndipo amene ananena adzanenenso."

Elifala anayang'ana mchemwali wake mwamantha, poti Faines chibadwire sanabwezepo mawu pagulu. Faines anali ataima kumbuyo kwa ngolo, maso ali psuu. Anayesa kukwera, koma manja anakana. Lenia anamugwira m'khwapa n'kumukweza.

Ngolo inayamba kutsetsereka. Anadutsa chitunda choyamba. Kenako Faines anayankhula, osayang'ana munthu.

"Ndikanena ndine, alamu. Ndikaima pakati pa bwalo, ndikaonetsa manjawa." Anayang'ana zala zake zotupa. "Inu mudzamva ndi makutu anu. Abambo ndi amene sadzamva."